Bowo pa Ngalande ya ku Kot Dilawar

Masi Rehmat, mayi wochapa zovala, sanapereke moni. Anangolowa m'kanyumba ka mapampu n'kutula mtolo wa nsalu zonyowa patebulo pomwe Liaqat ankamwera tiyi. Kapu inagubuduka.

"Nunkhiza," anatero.

"Masi, mwadzuka bwanji kodi?"

"Ndati nunkhiza, iwe. Zodzukazo tikamba ukanunkhiza."

Liaqat sanachite kuwerama, fungo linali litamupeza kale. Zinali nsalu zoyala pabedi za kunyumba yogona alendo ya pafupi ndi siteshoni, zimene Masi Rehmat ndi ana ake aakazi ankachapa kumtsinje kwa zaka makumi awiri. Tsopano zinali zotuwa, ndipo m'mapindo mwake munali timizere takuda.

"Ndachapa kawiri. Mwini nyumba wazibweza, akuti alendo akumufunsa ngati amagoneka anthu m'chimbudzi. Wati mwezi uno ukatha zikadali chonchi, ntchito apereka kwa anthu a makina m'tauni." Mayiyo anakwinya malaya kufika m'zigongono. Manja ake anali ndi totupa tofiira, zala zitang'ambika. "Ona izi. Adzukulu anga awiri akutsekula m'mimba. Njati zathu zoweta zikukana kumwa. Njati, iwe, imene imagona m'thope! Boma limakulipira kuti uzimwa tiyi?"

Liaqat Bhatti anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa maiwe oyeretsera madzi a suweji a tauni ya Kot Dilawar. Madzi onse a m'zimbudzi ndi m'mabafa ankatsika m'ngalande imodzi yaikulu, mapampu n'kuwakweza kulowa m'dziwe loyamba. Ankayenda pang'onopang'ono kudutsa maiwe anayi, ndipo pofika kumapeto ankatuluka opanda fungo n'kugwera mumtsinje. Mudzi wa ochapa zovala unali kumunsi kwake.

"Tiyeni mukaone nokha," anatero Liaqat.

Anapita naye kupaipi yotulutsira madzi. Paipiyo inali yoti mwana n'kukwawamo, koma madzi otuluka anali ngati chala chimodzi. Liaqat anatunga m'manja n'kumuonetsa. Anali oyera mbee.

"Ndiye zonyansazi zikuchokera kumwamba?" anafunsa Masi Rehmat.

 Kwa masabata atatu madzi olowa m'maiwe ankachepa tsiku ndi tsiku. Dziwe loyamba linali litaphwa mpaka matope kuonekera m'mbali. Liaqat ankadziuza kuti mwina ngalande yatsekeka ndi mapepala apulasitiki kumsika, ndipo anali atauza kale ofesi kawiri.

"Ndipatseni mpaka madzulo, Masi."

"Madzulo ake ati? Ine ndachita kutseka ntchito kuti ndibwere kuno. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitsekocho chili kwa iwe." Ananyamula mtolo wake n'kumapita, akulankhulabe yekha.

Liaqat anasiya mnzake wa ntchito, Younas, akuyang'anira mapampu. Anakwera njinga yamoto n'kutsata ngalande kulowera kutauni. Sanapite patali. Atadutsa pa uvuni wa njerwa anamva injini yopopa madzi ikulira, kenako anaona matumba a mchenga ataunjikidwa pakati pa ngalande. Chipupa cha ngalandeyo chinali chitaboola bowo lalikulu ngati khomo, ndipo madzi akuda ankakhuthukira m'ngalande yadothi yopita kuminda. Minda yake inali ya kolifulawa, mizere yobiriwira mpaka kumene maso amalekeza. Madzi otsala, amene minda sinkamwa, ankasefukira m'khwawa lakale n'kumapita kumtsinje.

Pakati pa madziwo panaima munthu atakwinya thalauza, fosholo ili m'manja. Anali Sarfraz, mchimwene wa mkazi wake.

"Eee, alamu!" anakuwa Sarfraz akuseka. "Mwabwera kudzationa? Mukananena tikanaphika tiyi."

"Waboola ngalandeyi ndani?"

"Makoswe."

"Makoswe ake amaunjika matumba a mchenga?"

"A masiku ano ndi ophunzira, alamu."

Amuna ena atatu amene ankathirira chapafupi anaseka. Liaqat anazimitsa njinga n'kutsika. Anafotokoza za Masi Rehmat, za nsalu, za ana odwala. Sarfraz ankamvetsera atatsamira fosholo, koma kuseka kunatha.

"Mwamaliza? Tsono mverani zanga. Madzi a ngalande yaboma yothirira amafika kuno kamodzi pa masiku khumi ndi asanu, ndipo akafika ndi ongonyowetsa phazi. Tinakumba chitsime, madzi ake ndi mchere wokhawokha, mbewu zinapsa mukuona. Awa ndi madzi ndi feteleza pamodzi, ndipo satha. Tauni ikadya, ife tathirira."

"Tengani otuluka kumaiwe. Ndikutsegulirani ngalande mawa lomwe."

"Madzi anu aja? Amene mwachotsa zonse zabwino? Ndi tiyi wopanda mkaka amene uja, alamu. Tinayesa chaka chatha, kolifulawa wake anali ngati chibakera cha khanda."

"Nanga bwanji osatseka bowoli mukamaliza kuthirira? Theka la madziwa likungopita kumtsinje."

"Tili mabanja makumi awiri ndi atatu, timathirira mosinthana. Ndikatseka ine, wina atsegula pasanathe ola." Sarfraz anatuluka m'madzi n'kukweza mwendo umodzi. Kuyambira m'bondo kutsika unali ndi zilonda, zina zouma, zina zikutuluka madzi. "Mukuganiza kuti ndimazikonda? Masi wanuyo amaviika manja, ine ndimaviika miyendo. Koma mwana wanga Shabana akukwatiwa ukatha mwezi wamawa, ndipo ukwati wake ndi kolifulawa ameneyu. Ndi mwana wa m'bale wa mkazi wanu. Mudzadya nawo mpunga wake."

Liaqat anatembenuza njinga n'kulunjika kuofesi ya khonsolo.

Anadikira pabenchi maola awiri asanaloledwe kulowa kwa injiniya wa tauni, Naveed Sahibu. Bwanayo anali mnyamata poyerekeza ndi Liaqat, wovala malaya oyera osita bwino, ndipo tsikulo anali wosangalala.

"Liaqat! Ndimafuna kukuitana. Ona apa." Anakweza pepala lochokera kulabotale ya kumzinda. Lachiwiri lililonse galimoto ya kulabotaleko inkabwera kudzatenga botolo la madzi otuluka m'maiwe kuti akawayeze. "Masabata atatu otsatizana madzi athu ndi oyera kuposa a matauni onse m'boma lino. Ndipo magetsi tikugwiritsa ntchito theka lokha. A wapampando a khonsolo andiyamikira pamaso pa anthu."

"Sahibu, madziwo ndi oyera chifukwa m'maiwe simukulowa kanthu. Suweji yonse ikupita kuminda ndi kumtsinje. Aboola ngalande kuseri kwa uvuni wa njerwa."

Naveed Sahibu anaika pepala pansi. Anayang'ana kukhomo, kenako n'kutsitsa mawu.

"Minda imeneyo ndi ya ndani?"

"Olima ndi obwereka. Mwini malo ndi Malik Sahibu."

"Ndipo Malik Sahibu ndi ndani kwa a wapampando?"

"Msuweni wawo."

"Ndipo lendi ya minda yothiriridwa ndi madzi amenewo yakwera kawiri chaka chino. Wandimva? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, Liaqat."

"Sahibu, kumunsi ana akudwala."

"Odwala ali ndi chipatala. Ntchito yako imayambira pa geti la maiwe, n'kuthera papaipi yotulutsira madzi. Za kunja kwa geti si zako, si zanganso. Lemba kalata, ndiiona."

"Ndinalemba ziwiri."

"Lemba yachitatu."

Kunyumba anapeza Zubaida, mkazi wake, akuphika chapati. Pamoto panali poto wa kolifulawa wa mbatata. Liaqat anayang'ana potoyo n'kukhala pamphasa, akumuuza zimene bwana wake ananena kuofesi.

"Achimwene atumiza mitu isanu," anatero Zubaida. "Atumizanso mawu. Akuti munapita kumunda ndi nkhope ya wapolisi."

"Ndinapita ndi nkhope yanga yomweyi."

"Abambo a Nimra, tamverani. Achimwene anandilera bambo atamwalira. Anakugulirani njinga yamoto yomwe mukukwerayo pa ukwati wathu. Mukufuna anthu adzanene kuti ukwati wa Shabana unalephereka chifukwa cha mwamuna wa Zubaida?"

"Nanga adzukulu a Masi Rehmat si ana?"

"Ndi ana. Ine sindinati si ana." Zubaida anatembenuza chapati mwamphamvu moti inang'ambika. "Koma bwanayo wakuuzani kuti si zanu. Inu ndinu ndani kuti musenze zimene bwana wakana? Dikirani akolole. Ndi masabata asanu ndi limodzi okha."

"Akakolola kolifulawa adzala sipinachi. Akachotsa sipinachi adzala chakudya cha njati. Bowo lija silidzatsekedwa."

Liaqat anadya chapati ndi mphodza zotsala dzulo. Kolifulawa sanamukhudze, ndipo Zubaida anaona.

M'mawa mwake Liaqat anagula matumba awiri a simenti ndi ndalama za m'thumba mwake. Iye ndi Younas anachotsa matumba a mchenga, n'kumanga bowo lija ndi njerwa. Alimi anaima chapatali akuwayang'ana, wina akusuta. Dzuwa likulowa, madzi anali atayambanso kulowa m'dziwe loyamba, mapampu onse awiri akulira.

"Simenti imeneyi siuma," anatero Younas akusamba m'manja. "Ndikuwadziwa anthuwa."

Sinaumedi. Tsiku lachiwiri anapeza njerwa zawo zitaunjikidwa bwinobwino pambali pa msewu, ngati kuti wina wawasungira. Bowo linali lalikulu kuposa poyamba. Sarfraz sanaseke ulendo uno.

"Alamu, musatayenso simenti. Mugulireni Nimra nsapato."

"Sarfraz, ndikukupempha ngati m'bale."

"Inenso ndikukupemphani ngati m'bale. Inu pakutha pa mwezi mumalandira, kaya maiwe adzaze kaya aphwe. Ine ndikapanda kuthirira masiku anayi, ndatha."

Masana a tsiku lomwelo Masi Rehmat anabweranso, ali ndi amayi ena asanu. Sanalowe m'kanyumba, anaima pa geti.

"Dzulo madzi anayamba kuyera. Tinati Mulungu wamva. Lero abwereranso. Ukusewera nafe?"

"Masi, ndinatseka, atsegulanso. Kuofesi ndapita."

"Tamva kuti woboolayo ndi mlamu wako," anatero mayi wina. "Ndiye tadziwa. Kolifulawa mumadya waulere."

 Liaqat anafuna kunena za simenti, za makalata atatu, za poto amene sanamukhudze. Anaona kuti zonsezo sizingayeretse nsalu ngakhale imodzi.

Lachiwiri linafika. Galimoto ya kulabotale inkafika pa geti nthawi ya leveni. Liaqat anatenga botolo lopanda kanthu, anaima papaipi yotulutsira madzi n'kuyang'ana kamadzi koyera kaja kakudontha. Kenako anaika botolo m'thumba n'kukwera njinga.

"Mukupita kuti?" anafunsa Younas.

"Kukatunga madzi."

"Madzi si awa?"

"Amenewo samwa munthu aliyense."

Pamalo ochapira anapeza amayi atatu okha, ena anali atasiya kubwera. Madzi anali akuda, thovu lotuwa litakocheza pamiyala yochapira. Liaqat anavula nsapato, analowa mpaka m'mawondo n'kudzaza botolo. Pa kapepala komata analemba tsiku, ola ndi malo: mumtsinje, pochapira zovala, kumunsi kwa maiwe. Kumbuyo kwake anawonjezera kuti suweji ya tauni sikufika kumaiwe chifukwa ngalande yabooledwa kuseri kwa uvuni wa njerwa. Anasaina dzina lake lonse.

Masi Rehmat ankamuyang'ana ali pamwala.

"Botolo limodzi lichita chiyani?"

"Sindikudziwa, Masi."

"Adzakuchotsa ntchito."

"Mwina."

"Mm." Mayiyo anabwerera ku nsalu zake. "Ukafika usambe miyendoyo ndi sopo. Amayabwa."

Panapita masiku khumi osamveka kanthu. Tsiku la khumi ndi chimodzi kunabwera magalimoto awiri ochokera kumzinda, apolisi anayi ndi lole ya miyala. Bowo analitseka ndi konkire yochindikala, injini za alimi anazinyamula, ndipo amuna atatu, mmodzi mwa iwo Sarfraz, anagona masiku awiri kupolisi. Malik Sahibu sanafunsidwe kanthu. Naveed Sahibu anaima pambali pa akuluakuluwo akuloza uku ndi uku, akunena kuti ofesi yake inali itayamba kale kufufuza nkhaniyi.

Sabata yomweyo Liaqat analandira kalata. Inati chifukwa chotunga madzi pamalo osayenera ndi kulembera akuluakulu osadzera kwa bwana wake, akuchotsedwa kumaiwe kupita kukayang'anira zimbudzi za pa depoti ya basi. Malipiro anatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Mtsinje unayera. Amayi anabwerera pamiyala, njati zinayambanso kumwa. Liaqat ankamva zimenezi kwa Younas, ndipo akakhala pakhomo pa zimbudzi za kudepoti ankadziuza kuti bola chinachake chachitika.

Kuyerako kunatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku la makumi awiri anyamata a Malik Sahibu anaboola ngalande pamalo ena, kumtunda kwenikweni, kuseri kwa mpanda wa munda wa mwini wakeyo kumene munthu wodutsa mumsewu sakanaona. Madziwo ankathirira minda ya kumtunda yokha, otsala n'kugwera m'khwawa lomwe lija. Kuminda ya Sarfraz ndi anzake sikunkafika ngakhale dontho.

"Wolowa m'malo mwanu ndi mphwake wa kalaliki wa kukhonsolo," anatero Younas atakumana pa depoti. "Amatunga botolo lake papaipi, amamwa tiyi. Ndinamuuza za bowo latsopanoli, anati alibe mwendo wopita kumeneko."

"Nanga Masi?"

"Ntchito ya kunyumba ya alendo yapita. Tsopano akuchapa za m'makomo ndi madzi ogula. Anati ndikupatseni moni."

"Moni wake wotani?"

"Anati mumuuze kuti sindikumutukwananso. Ndikutukwana ena."

Liaqat analemba kalata ina kupita kumzinda. Yankho linabwera loti nkhani ya ngalande ya ku Kot Dilawar inathetsedwa kale mwezi watha.

Kolifulawa wa Sarfraz anafota atatsala pang'ono kukhwima. Mitu inatuwa, inang'ambika, ndipo ogula kumsika anangotenga gawo lochepa pamtengo wotaya. Ukwati wa Shabana unaimitsidwa mpaka chaka chamawa, ndipo akuchimuna anayamba kulankhula mozungulira. Lachisanu lina Zubaida anavala zovala zake zabwino, anatenga maswiti m'bokosi n'kupita kwa mchimwene wake. Anabwerako dzuwa lisanapendeke, bokosi lili m'manja.

Anakhala pabedi la zingwe pabwalo, osavula nsapato. Liaqat anamubweretsera madzi akumwa. Zubaida anamwa theka.

"Sananditsegulire. Ndimawamva akutsokomola mkati. Shabana ndiye anabwera pa geti, akulira, n'kunena kuti azakhali pitani, bambo sakufuna."

"Zubaida, ine..."

"Musanene kanthu. Mukanena kuti munalakwa, mukhala mukunama. Mukanena kuti simunalakwe, ndikuponyerani bokosili."

 Nkhuku ya oyandikana nawo inalowa pabwalo, palibe anaithamangitsa.

"Munda wawo ndinauona," anapitiriza Zubaida. "Wauma gwaa. Ngakhale atapeza madzi, feteleza agula ndi chiyani?" Anaika bokosi lija pambali. "Kuseri kwa maiwe kuja kuli milu ya matope ouma amene mumakumba chaka ndi chaka. Mwakhala mukundiboola m'makutu kuti palibe wowatenga. Ndi manyowa, si choncho?"

"Ndi manyowa abwino, akauma chaka chathunthu. Alimi amawakana chifukwa ndi ntchito kututa."

"Ndipo madzi otuluka kumaiwe, ngakhale ochepawo?"

"Angakwane ndime imodzi, mwina ziwiri. Koma ine sindigwiranso kumeneko, Zubaida. Ndilibe kiyi wa geti."

"Younas ali naye. Mawa ndi tsiku lanu lopuma. Mubwereke ngolo ya bulu kwa a uvuni wa njerwa, mukatute matopewo mukakhuthule m'munda mwa achimwene."

"Sandilonjera. Mwinanso andigenda."

"Sakulonjerani. Mukakhuthule basi, mubwerere mukatenge ena."

"Ndipo mtsinje?"

"Mtsinje mwaupatsa kale ntchito yanu ndi m'bale wanga," anatero Zubaida akuvula nsapato. "Makalata muzilemba madzulo. Mawa ndi la achimwene."

M'mawa mwake Liaqat anabwereka ngolo. Younas anamutsegulira geti osafunsa zambiri, ndipo anamuthandiza kupakira. Ulendo woyamba munda unali wopanda munthu. Ulendo wachiwiri Sarfraz anali ataima kumapeto kwa ndime, manja kumbuyo, akuyang'ana kwina. Liaqat anakhuthula n'kubwerera. Pofika ndi ngolo yachitatu anapeza mulu woyamba utayamba kumwazidwa m'mizere. Sarfraz anali atawerama ndi fosholo, atamufulatira.

 Liaqat anakhuthula pamalo pomwe mlamu wake anali asanafike, anatembenuza bulu, n'kupita kukatenga yachinayi.